Malole Onse pa Shedi Imodzi

Panali munthu wina dzina lake Moffat, wolemba mapulogalamu a kompyuta pa fakitale ina ya tiyi ku Mulanje. Anapanga pulogalamu yotumiza malole kukatenga tiyi wa alimi m'mashedi. Inkafufuza shedi imene yadzaza, n'kutumiza uthenga kwa dalaivala, kenako n'kulemba kuti shediyo yathandizidwa. Tiyi wothyolathyola sachedwa kupsa m'matumba, ndipo mayi ake a Moffat anali mmodzi mwa alimiwo.

Moffat anaitchera pulogalamuyo kuti iziyamba ntchitoyi mphindi iliyonse, kaya yoyamba ija yatha kaya ayi. Mnzake wa mu ofesi, Rehema, ataona anagwira pakamwa.

"Achimwene, izimaliza kaye, ipume, kenako iyambenso. Netiweki ikadzachedwa, zidzakwerana izi."

"Inu mumaopa ndi mthunzi womwe," anatero Moffat. "Kantchito kosatenga nthawi aka."

Mutu anali nawo mnyamatayu, koma makutu ayi.

Tsiku lina m'Januwale kunagwa chimvula, netiweki n'kuyamba kukwawa. Pulogalamu inatuma lole ku shedi ya kufupi ndi Boma. Isanalembe kuti yatuma, mphindi inakwana, inayambanso. Inapeza shedi yomweyo ikudikirabe, n'kutumanso lole ina. Kenako inanso. Pofika masana malole onse anali atathithikana pamalo amodzi, ndipo imodzi inatitimira m'matope potembenuka, n'kutsekera enawo njira.

Foni ya Moffat inalira. Anali mayi ake, ali ku shedi yawo.

"Lole ili kuti, mwananga? Tili pano chim'mawire. Ndapisa dzanja m'thumba, mwatentha."

"Ikubwera, mayi," anayankha Moffat.

Rehema anazimitsa pulogalamuyo n'kuyamba kuimbira madalaivala mmodzimmodzi, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Lole inafika kwa mayi aja dzuwa litapendeka, masamba atafiira. Fakitale inawakana onse.

Madzulo mayi anaimbanso.

"Thukuta lathu latayidwa kudzala. Poti uli komweko, ukamudziwa wachita zimenezi undiuze. Ndikufuna ndingomuona nkhope."

Moffat anangoyankha kuti:

"Chabwino, mayi."

Phunziro: Ntchito yobwerezabwereza musaiyambitsenso yoyamba isanathe. Imalize, ipume, ndiyeno iyambenso. Ndipo mnzanu akakuchenjezani mverani, chifukwa olira nazo amakhala anthu amene sanakhudzeko kompyuta yanuyo. Tumizirani ena uthengawu, makamaka anzathu olemba mapulogalamu.