Nsato M'khosi mwa Alamu

Panali munthu wina ku Ndirande, dzina lake Ramsey. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi m'chaka cha 1999, intaneti itangofika kumene m'maofesi owerengeka mu Blantyre.

Ramsey ankagwira ntchito pa ofesi ina m'tauni. Abwana akangopita ku nkhomaliro, iye ankakhala pa kompyuta n'kumasaka zoseketsa: mphaka wovala magalasi, dzungu lalikulu kuposa munthu, mzungu wa ndevu zofika m'mawondo. Ankazisindikiza pa pepala n'kupita nazo pa bawo kwa Goliyo, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Anamupatsa dzina loti Zakunja, ndipo dzinalo linamulowa m'mutu.

Tsiku lina anapeza chithunzi cha mwamuna atakoleka chinsato m'khosi, akumwetulira. Mnzake wa pa ofesipo anamuonetsa mmene amadulira mutu wa munthu pa chithunzi n'kuuika pa thupi la wina. Pomwepo Ramsey anaganiza za alamu ake a Ambrosi, amuna a achemwali ake Constance, omwe anali atangotsegula chigayo. Awiriwa ankachita chilamu chosaona nkhope. Anatenga chithunzi cha pa ukwati wawo, n'kuika mutu wa a Ambrosi pa thupi la mwini njoka uja.

Mkazi wake Doreen atachiona sanaseke.

"Bambo a Patience, ng'ambani ichi. Munthu wa chigayo simumuika njoka m'khosi. Anthu a kuno simukuwadziwa?"

"Aaa, iwe, n'chilamu basi. Demokalase inabwera, tisiyeni tiziseka."

A Ambrosi eni ake anaseka mpaka misozi. "Alamu, mwandipha! Koma ndikubwezerani, muona."

Pa bawo ndi pomwe zinasintha. Pepalalo linayenda m'manja mwa anthu mwakachetechete. Bambo wina anapempha kuti akawaonetse akazi awo, ndipo Ramsey anamupatsa monyada. Bamboyo anakachita fotokope. Fotokopeyo inabereka ina, inayo inabereka inzake, ndipo kamzere ka pakhosi pomwe mutu unalumikizidwa kanafufutika. Sabata isanathe, chithunzicho chinali mu msika ndi m'maminibasi, mpaka ku Chilomoni.

Dziwani kuti masiku amenewo anthu sankadziwa kuti chithunzi chinganame. Amayi anasiya kukagaitsa kwa a Ambrosi. Ankanong'onezana kuti, "Tinkanena ife. Chigayo chija n'chokhwimira, njokayo imafuna magazi a mwana."

Doreen anachondereranso. "Pitani ku tchalitchi mukanene poyera kuti munapanga ndinu. Ine mtima wanga sukukhazikika."

"Aiwala okha," anatero Ramsey. Kunena zoona ankaopa kuti abwana amva zoti amaseweretsa kompyuta.

Loweruka m'mawa kamtsikana ka mayi wina wogulitsa zitumbuwa kanasowa. Wina anati anakaona kakusewera pafupi ndi chigayo. Dzuwa lisanafike pamutu, Doreen analowa m'nyumba akukuwa.

"Thamangani! Alamu anu awatsekera m'chigayo, anthu abwera ndi petulo!"

Ramsey anathamanga wopanda nsapato. Anapeza chinamtindi cha anthu, miyala ili m'manja, ena atakweza fotokope ija m'mwamba. Constance anali atagwada pafumbi, akulira kuti amuna ake n'ngosalakwa. M'katimo a Ambrosi ankamenya chitseko.

Ramsey anakwera pa mgolo. "Anthuni, imani! Chithunzicho n'chabodza! Ndinapanga ndine!"

Kenako bambo wina wa chipewa anakuwa, "Mwamva? Akuti anajambula ndi iyeyu! Ndiye kuti njokayo anaiona ndi maso ake!"

"Ayi! Ndinapanga pa kompyuta! Njokayo n'njakunja!"

"Eyaa, anaitanitsa kunja! Nanga kompyutayo a Ambrosi inawadziwa bwanji? Ndi amodzi awa!"

Mwala woyamba unamupeza Ramsey pakamwa. Anagwa pa mgolopo akuona utsi ukutuluka padenga la chigayo, ndipo kukuwa kwa alamu ake ankakumva bwinobwino. Akanapanda kufika apolisi, tikanakamba za maliro awiri. A Ambrosi anawatulutsa amoyo, koma manja onse atapsa. Chigayo chinatheratu.

Madzulo a tsiku lomwelo kamtsikana kaja kanatsika minibasi kakudya chimanga chootcha. Azakhali ake anali atakatenga kupita nako ku Bangwe osawauza amake. Mukuganiza kuti anthu anachita manyazi? Ayi ndithu. Anati, "Mwaona? Titangoyatsa moto, njoka yamulavula."

A Ambrosi atatuluka m'chipatala anasamukira kumudzi, pakuti mu Ndirande munalibenso wofuna kuwapatsa moni. Zala zawo sizipindika mpaka lero. Tsiku losamuka Ramsey anapita kukapepesa, mano akutsogolo palibe. A Ambrosi anangomuyang'ana, n'kukweza manja awo aja kuti awaone. Constance ndi amene analankhula.

"Achimwene, sekanitu. Si mumafuna kuseka?"

Phunziro: Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Chinthu chikatuluka m'manja mwako sichikhalanso nthabwala yako, chimakafika kwa anthu amene sakudziwa kuti unkaseka, ndipo sungachiitane kuti chibwerere. Usaike nkhope ya munthu pa bodza, ngakhale ali mlamu wako, ndipo amene akukuchenjeza umumvere nthawi ikadalipo. Nawenso wolandira, usatole mwala chifukwa cha chithunzi. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, makamaka aja amene chala chawo chimayabwa akaona choseketsa.