Kugogoda m'chitseko cha galimoto

Galimoto yakale imene Frazer anasiyiridwa ndi malume ake inkasokosera ngati chigayo. Chaka chimene makuponi a feteleza anachedwa, anamasula zitseko n'kutsenderamo ziguduli za fodya ndi matumba a feteleza, pansi n'kuyalapo mphira. Phokoso lonse linatheratu.

Usiku wina mwana wake, Comfort, anakomoka ndi malungo. Frazer analiza galimoto kuthamangira kuchipatala, mkazi wake Enelesi atafukata mwanayo pambali pake.

Atangodutsa zigafa za fodya za ku Chisemphere, m'kati mwa chitseko cha mbali ya Enelesi munamveka kugogoda. Kenako munatuluka mawu otsamwa, ngati a munthu wotsekedwa pakamwa ndi nsanza.

"Comfort."

"Bambo a Comfort, musaime," Enelesi ananong'ona, misozi ili chuchuchu. "Chonde, pondani!"

Frazer anaponda mafuta mpaka phazi linagunda pansi, akulakalaka phokoso lija litabwerera. Koma injini inkamveka patali, mawuwo pafupi.

"Comfort, tiye."

Mwana amene sanayankhule chiyambire masana anatsegula maso. Anatambasula dzanja, n'kugwira chotsegulira chitseko.

"Ndikubwera," anatero.