Ya GB Sifufuta

Tili m'minibasi pa Ulongwe, uthenga unalowa pa gulu lathu lokambirana za mafoni: "Make mwana wapita ku Balaka. Bwera, wokondedwa."

Anali alamu anga a Maziko, omwe aja anatha sabata yonse akutinyoza kuti WhatsApp ya GB ndi ya mbuli zosapita kusukulu, yawo ndiye yeniyeni. Matama okhaokha!

Anaufufuta msangamsanga, n'kulemba kuti, "Pepani, mwana amaseweretsa foni."

Mwana wake uti? Mwanayo anali pamiyendo pa akazi awo, achemwali anga a Hellen, pambali panga pomwepa, akukukuta chimanga chootcha.

Ya GB yangayo sifufuta kanthu. Uthenga unali pompo.

"Achemwali," ndinatero ndikuwapatsa foni, "tandiwerengerani apa. Paja ine sindinapite kusukulu."