Likhweru la a Yakobe

Dzanja la a Levison litangofika pa wailesi, a Yakobe analimenya.

"Isiyeni."

"Achimwene, si inu nomwe munati wailesi iyi ndi yomvera mitengo ya fodya basi? Lero mabatire athere nyimbo za kantire?"

Amayi amene ankamanga fodya m'chigafamo anaweramitsa mitu, poti aliyense ku Lisasadzi ankawadziwa mawu a mkazi woimbayo. Anali Dorika, mwana wa a Yakobe, amene bambo akewo anamupirikitsa atamupeza akuimba gitala anzake ali kumunda kuthyola fodya. Kuyambira tsikulo dzina lake silinkatchulidwa pakhomopo.

Gitala inkayenda pang'onopang'ono ngati ngolo yolemedwa. Kenaka Dorika anasiya mawu n'kuyamba likhweru, ndipo a Yakobe analizindikira. Linali lawo lomwe, lija amaimba podinda belo la fodya ndi jeke, lokhota kumapeto chifukwa cha dzino lawo loguluka. Mwanayo mano anali nawo onse, koma analikhotetsa momwemo.

"Wandibera," anang'ung'udza a Yakobe. "Ngakhale kupempha, ayi."

"Ndiye titseke?" anafunsa a Levison akuseka.

A Yakobe anapukutira pa buluku manja awo onata ndi fodya. Anaikweza wailesiyo mpaka pothera, n'kukaikoleka pa mzati wakunja, woyang'ana kumsewu.

"Odutsa amveko. Wina akafunsa, mumuuze kuti ndi Dorika wa a Yakobe."