Ndowa Ziwiri Mpaka Muyaya

Mpopi wa pakhomo pa Nangozo unkatseguka wokha m'mawa, n'kudzaza ndowa ziwiri, basi n'kutseka. Amenewo ndiwo anali malipiro a kasupe wa makolo amene Nangozo anapereka ku bungwe la madzi: ndowa ziwiri tsiku lililonse, mpaka muyaya. Nthawi imeneyo pakhomo anali awiri okha, iye ndi khanda lake Ndaziona. Tsopano khomo linali litadzaza, ndipo madzi otsukira mbale ndi omwe ankathirira mpiru.

Ndaziona anadikira kuti mpopi utseke, kenako analankhula maso ali pansi.

"Amayi, akwawo kwa a Lufeyo akubwera Loweruka kudzandifunsira ukwati. Akufunsa poti adzamange nyumba."

Nangozo anayang'ana kuseri kwa khola, malo amene ankasunga kuti mkamwini adzamangepo.

"Mkamwiniyo samwa madzi?"

"Amamwa pang'ono," Ndaziona anayesa kuseka.

"Nanga ana ako adzamwa mame?"

"Koma si munati madziwa ndi amuyaya?"

"Ndi amuyayadi, mwanangu, koma sakula. Ine ndinkayesa zili ngati munda, kuti mbumba ikachuluka mumangowonjezera mizere."

Ndaziona anadzutsa mutu n'kuyang'ana amayi ake. Pamtundu pawo panalibe mwana wamkazi amene anachokapo. Amuna ndiwo ankabwera kudzakhala kuchikamwini.

"Kwawoko kuli chitsime?" anafunsa Nangozo.

"Chilipo, amayi."

"Basi, Loweruka amalume ako adzavomere kuti a Lufeyo akutenge, ukakhale konko." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Uzidzabwera kudzationa. Koma uzidzabwera utasambiratu."