Sikirini Yophunzira Ulesi

"Laputopu iyi ifika madzulo osaitchaja. Batire likatha, ine ndivina patebulo!"

Mayi Tiwone anamva mawuwa ali kuseri kwa kabati, akutakasa tiyi. Wolankhulayo anali Akatswiri, bambo wa kamimba amene dzinalo anadzipatsa yekha. Iye ankalemba mapulogalamu, mayiwa ankawayesa.

"Sikirini imatunga chithunzi m'memore kambirimbiri pa sekondi, ngakhale chisanasinthe," anapitiriza Akatswiri, atagwira lamba. "Ndiye batire lisathe? Ine ndaiphunzitsa ulesi. Chithunzi chikapanda kusintha, izingokhala phee."

"Tiwone," anatero mayiwo.

"Likapanda kutha, wovina ndinu, achemwali."

"Tiwone."

Laputopuyo anaiika pakati pa tebulo lamisonkhano, chingwe chotchajira n'kuchitsekera m'kabati. Chithunzi chapasikirini chinali nkhope ya Akatswiri mwiniwake, mano onse pamtunda. Pakona panali kawotchi ndi kachizindikiro ka batire, kobiriwira, kodzaza. Lamulo linali limodzi: wina asaikhudze.

Masana batire linali lodzaza. Anthu anasiya ntchito n'kumazungulira tebulo ngati pabadwa mwana. Akatswiri anaimbira foni akazi awo, kenako apongozi. Dzuwa likupendeka batire linali likadali lodzaza, ndipo anayamba kufunsa ngati mphoto zakunja amazitumiza kapena munthu amakatenga yekha.

Mayi Tiwone anayang'ana tebulo lija. Mawondo awo anali atasiya kuvina kalekale, komanso mpongozi wawo wamkazi ankagwira ntchito momwemo, ndipo foni yoti awajambulire anali ataikonzekeretsa kale.

Nthawi yoweruka inakwana.

"Lonjezo linadulitsa mutu wa munthu, achemwali! Kwerani!"

Mayiwo anavula nsapato n'kukwera. Manja anawombedwa, wina anasandutsa bini ya zinyalala ng'oma. Chiuno chinayamba mwamanyazi, kenako chinakumbukira zakale, ofesi yonse n'kuphulika ndi nthungululu. Akatswiri anaseka mpaka misozi.

Mayiwo atawerama kuti adule chiuno komaliza, maso awo anagwera pakawotchi kaja. Anaima. Anakhudza batani limodzi ndi chala chaphazi.

Kawotchi kanali kakunenabe nthawi ya m'mawa. Sikirini inali itaphunzira ulesi mopitiriza: chiikireni patebulo sinatungenso kanthu, batire lodzazalo linali chithunzi chakale. Inadzidzimuka, inaonetsa kamzere kofiira, n'kuzima.

Mayi Tiwone anatambasula dzanja. "Kwerani, achimwene. Ng'oma ikadali yotentha."