Chithunzi Chimodzi cha Bambo

Nyumba yojambuliramo ya malemu bambo awo inali yoti igwetsedwe mawa lake, choncho kutangoda, mwana wamkazi anatengana ndi mlongo wake kukaijambula komaliza. Mwana wamkaziyo anaimika chikamera chakale cha miyendo itatu, n'kulowetsa mutu m'nsalu yakuda. Pagalasi la kamera yotere zonse zimaoneka chadodolido, ndipo mpando, chitseko ndi nyale zinalidi choncho. Koma pambali pa mpandowo panaima munthu, mutu kumwamba, mapazi pansi.

Sanakuwe. Analowetsa filimu yotulutsa chithunzi pompopompo, n'kudina. Anawerenga mpaka sikisite, kenako anamatula pepalalo.

"Ndawakola bambo, achimwene!" anaseka, misozi ili chuchuchu. "Zaka makumi anayi akujambula anthu, eni ake osalola ngakhale kamodzi. Lero athawira kuti? Tiyeni amayi akawaone!"

Mlongo wakeyo sanachiyang'ane n'komwe chithunzicho. Maso ake anali pakamera. Nsalu yakuda ija inali itatukumuka ngati muli mutu, ndipo chotsekera filimu, chimene amasolola akafuna kujambula, chinkasololoka chokha, pang'onopang'ono.

"Yandikanani, ana inu," anatero mawu m'nsalumo. "Musagwedezeke."